Wotchi ya Mbah Ponikem

Lachiwiri m'mawa, Ngatirah atatsegula kabati ya m'kachipinda ka zaumoyo ka m'mudzi mwathu, anapeza maenvelopu atatu atapepuka. Zoona, zikhadabo si katundu woti n'kulemera, koma munthu amene watha sabata yathunthu akuwenga zala zakumapazi za nkhalamba amadziwa kulira kwake. Ukaigwedeza envelopu pafupi ndi khutu, mkati mumamveka timaphokoso ngati njere za tsabola wouma. Atatu amenewa anali zii. Anali omata bwinobwino, manambala omwe analemba yekha ali pomwepo, koma atawaunika pa kuwala kwa pazenera munalibe chikhadabo, munalibe ngakhale katsitsi kamodzi. Loko anali wosathyoka. Kiyi inali pakhosi pake, pa chingwe chomwe sankachivula ngakhale posamba.

Zinthu zimenezi zinali za kafukufuku. Kuno kwathu, kumapiri a miyala yoyera kumwera kwa chilumba cha Java, nkhalamba zimaiwala msanga, ndipo m'mabanja ena matendawa amalowa ngati chiswe, mzati ndi mzati. Ndiye kunabwera adokotala Hesti ochokera ku yunivesite ina ya mumzinda wa Yogya, mayi wachichepere wa magalasi, wolankhula motsitsa, kudzafufuza ngati vutoli lili m'magazi a kumtundu, kapena m'madzi a m'mapanga omwe timamwa, kapenanso m'mankhwala opopera fodya. Malovu a anthu anapita nawo tsiku lomwelo m'chikwama chozizira. Zikhadabo ndi tsitsi, poti siziwola, zinkadikira m'kabati galimoto ya Lachisanu. Ankati zimenezi zimasunga mbiri ya zomwe munthu wadya ndi kumwa miyezi yambirimbiri. Komanso aliyense wolowa m'kafukufuku, nkhalamba pamodzi ndi ana awo opitirira zaka makumi asanu, anamangidwa kawotchi kakuda kopanda mivi, koti kazilemba mmene munthu akugonera ndi mmene akuyendera.

Ngatirah anali mayi wamasiye wa zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo anadzipereka kuthandiza adokotala chifukwa cha funso limodzi lokha. Amayi ake, Mbah Ponikem, kapena kuti gogo Ponikem, anasambitsa mitembo ya akazi m'mudzi muno zaka makumi anayi, koma tsopano panali patapita zaka ziwiri osamudziwa mwana wawo. Ankamupatsa ulemu ngati mlendo, kumutchula Bu, kapena kuti mayi, akamawamwetsa phala n'kumati, "Zikomo, Bu, mwachokera kutali?" Miyendo nayo inali itafooka moti kufika pakhomo ankachita kugwiriziridwa. Mlongo wawo anapita njira yomweyo, bambo awonso chimodzimodzi, ndipo onse atatu anayamba ndi kuyenda usiku. Ngatirah anali ndi mwana mmodzi, Murni, wogwira ntchito ku fakitale mumzinda wa Semarang. Ankafuna kudziwa ngati chinthuchi chikubwera kwa iye, ndi kwa Murni pambuyo pake.

"Ndi magazi kapena ndi madzi, adokotala?" anafunsa tsiku loyamba lomwe.

"Bu Ngatirah, mwina tidzadziwa pakapita zaka zisanu. Mwinanso khumi."

"Akakhala madzi ine ndiwasiya," anatero Ngatirah. "Ndizingomwa tiyi."

Pak Sarjiman, kapena kuti bambo Sarjiman, mkulu wa amuna olondera mudzi usiku, anali pakhomo akupichira fodya wake. "Nanga tiyi wanuyo mumaphikira mchenga, Yu?" anatero, akumutchula monga timatchulira achemwali. Anthu onse anaseka, adokotala omwe.

Sikuti aliyense anasangalala ndi zoika zikhadabo m'maenvelopu. Kwathu chomwe chachoka pathupi la munthu chimakwiriridwa, kuti tsiku lomaliza munthu asadzapezeke wopereŵera. Mbah Ponikem ndiye anali mwini wake wa mwambowu. Anamuphunzitsa Ngatirah ali kamtsikana kukulunga zikhadabo m'tsamba la nthochi, kupinda kanayi, kubaya ndi kamtengo ka nsungwi, n'kukwirira pansi pa mtengo kuya kwa chikhatho. Tsiku lowawenga, gogoyo, yemwe sankadziwanso ngakhale dzina la mudzi wake, anaigwira envelopu mwamphamvu n'kunena momveka bwino kuti, "Za munthu zimabwerera kudothi." Ngatirah anawatambasula zala chimodzichimodzi, n'kuwauza kuti izo n'zakale. Wotchi nayo inavuta. Mkono wa gogoyo unali ngati phesi la chinangwa, lamba wake wamkulu, wotchi n'kumangovuka. Ngatirah anathana nazo madzulo omwewo, poti anali munthu wodziwa kuthana ndi zinthu, ndipo sanaziganizirenso.

Za maenvelopu atatu aja sanauze adokotala. Ankaopa kuti anthu a ku Yogya anganene kuti mudzi uno ngwosadalirika, n'kusamutsira kafukufuku kwina, funso lake n'kufera panjira. Anauza Pak Sarjiman yekha kuti aziyang'anako usiku. Koma kuuza Pak Sarjiman ndi kuuza akazi awo, ndipo kuuza akazi awo ndi kulengeza pa chimkuzamawu cha pamzikiti.

Usiku wa Lachiwiri unali wa mdima wa ndiweyani, mwezi kulibe. Ngatirah anagona pamkeka wake pafupi ndi bedi la amayi ake, akumvetsera. Inali nyengo yachilimwe, masamba akuluakulu a mitengo ya matabwa ya jati atagwa n'kuuma, moti ngakhale khoswe akadutsa amamveka ngati munthu. Padenga nalimata analira kasanu ndi kawiri n'kuleka. M'khola mbuzi inatembenuka, kabelu ka pakhosi pake n'kulira kamodzi. Kutsidya, olonda anamenya mzati wachitsulo wa magetsi kuuza mudzi nthawi, ngwee, ngwee, mpaka khumi ndi kawiri, kulira kwake kukuyenda m'mawaya nyumba ndi nyumba. Amayi ake ankapuma pang'onopang'ono, kukamwa kuli yasa. Palibe chinachitika. Anadzidzimuka ndi kuitana kwa pemphero la m'bandakucha, thupi lili lolemera ngati wagona atasenza mtolo.

M'kabati, maenvelopu ena asanu anali zii.

Pak Sarjiman anamupeza ali chiimire pomwepo. Anatseka chitseko kumbuyo kwawo, chinthu chomwe sankachita.

"Yu, ndaona munthu," ananong'ona. "Titangomenya kawiri. Wamkazi, tsitsi lomasula, akuyenda timasitepe tating'onoting'ono m'mphepete mwa munda wa chinangwa."

"Ndani?"

"Ndinali patali. Komanso ine ndili ndi zidzukulu zoti ndilere, sindithamangira zinthu zomasula tsitsi usiku." Anayesa kuseka, koma kuseka sikunabwere. "Ankang'ung'udza, Yu. Kanyimbo kaja, ka amayi anu. Kamene ankaimba motsitsa akamasambitsa maliro."

"Amayi anga safika n'kuchimbudzi komwe."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinayandikire."

Pofika masana nkhani inali ponseponse. Pa kagolosale ena ankati wosambitsa mitembo safa ndi ntchito yake m'manja, thupi likagona mzimu umadzuka kukatolera za anthu ake. Ena ankati ndi zimene zimachitika mukapereka zikhadabo za makolo kwa alendo. Mayi wina anakumbutsa anzake kuti mlongo wa Mbah Ponikem anapezeka m'phanga la madzi m'mamawa, atakhala pamwala, akufunsa njira ya kwawo.

Lachitatu linali tsiku loti adokotala aone mawotchi. Ngatirah anazungulira nyumba zonse kuwatolera m'thumba, yake ndi ya amayi ake momwemo. Adokotala ankalumikiza imodziimodzi ku kompyuta, mizere n'kumatuluka ngati mapiri ndi zigwa. Atafika pa ina anavula magalasi.

"Bu, bwerani muone. Apa pathyathyathya ndiye kuti munthu wagona. Apa pokwera ndiye kuti akuyenda. Wotchi iyi ikuyenda usiku uliwonse, kuyambira cha m'ma thu koloko mpaka kupitirira fili. Si kutembenuka pabedi ayi. Ndi ulendo." Anayang'ana m'kaundula wawo. "Nambala 31. Ndi amayi anu."

"Nanga yanga?"

"Nambala 32 ikugona ngati mwala. Ngakhale masana siyenda kwenikweni. Muzipuma choncho, Bu, koma muzitakasukanso." Anamwetulira pang'ono, kenaka anatsitsa mawu. "Zimachitika, odwala matendawa nthawi zina usiku amapeza mphamvu zomwe masana alibe. Muzikhoma chitseko. Kuno kuli mapanga."

Ngatirah anavomera ndi mutu. Sanamve mantha, sanamvenso chisoni. Mtima unangochita dzanzi, ngati mwendo womwe waukhalira nthawi yaitali. Anabweza mawotchi kwa eni ake, kunyumba n'kuwamanga amayi ake ya lamba wamng'ono, iye n'kuvala inayo. Anaika madzi pamoto, n'kupeza kuti pa tebulo pali kale tiyi wina, wozizira, wosamwa. Anangomuthira panja.

Usiku umenewo anakamasula belu pakhosi pa mbuzi n'kulimanga pa kakolo wa amayi ake. Gogoyo anayang'ana mwendo wawo, n'kumuyang'ana iye.

"Ndi mphatso, Bu?"

"Ndi mphatso, Mbok," anatero, monga ankawaitanira amayi ake kuyambira ubwana. "Gonani."

Anakhoma chitseko, nakhala pampando wansungwi moyang'anizana ndi bedi, nyale ataichepetsa. Analumbira kuti sagona. Anamva khumi ndi kamodzi. Anamva khumi ndi kawiri. Mphepo inadutsa m'masamba ouma, kenaka inaleka, kunja n'kuti zii moti ankamva chiswe chikudya mtanda wa denga. Phazi la amayi ake linali panja pa nsalu, belu lili lendee, osagwedezeka. Analiyang'anitsitsa mpaka maso kuwawa. Chitsulo chinalira kamodzi. Anadikira kawiri. Chomwe anamva chinali kanayi, ngwee, ngwee, ngwee, ngwee, ndipo nyale inali itazima, iye ali pampando pomwepo, mapazi ali ozizira.

Belu silinalire. Akanalimva, ankadziuza choncho. Koma pansi, kuyambira pakhomo kufika pakati pa bedi ndi mpando, panali timibulu ta dothi lofiira. Posamba m'manja kuti apemphere, madzi a m'beseni anafiira. Anayang'ana madziwo kanthawi, n'kuganiza kuti ndi chinangwa chomwe anakumba dzulo. Kodi anakumba dzulo, kapena dzana? Anataya madziwo n'kupemphera.

Lachinayi m'kabati maenvelopu ena asanu ndi anayi anali zii.

Pak Sarjiman tsiku limenelo sanabwere ndi nthabwala. Anakhala pakhonde la kachipinda ka zaumoyo akutembenuza chipewa m'manja, maso ali pa nyerere.

"Mwaona chiyani usiku, Pak?"

"Palibe."

"Akazi anu akuti munatsatira mpaka pafupi."

"Akazi anga amalota ali maso." Anatembenuzanso chipewa. "Yu, Murni akubwera liti?"

"Pa chikondwerero chomasula kusala. Bwanji?"

"Ayi, ndangofunsa. Mwana azibwera kudzaona kwawo."

Madzulo amayi awiri achikulire anabwera kunyumba ndi mbale ya tempe, ndiwo ya soya, n'kunena mozungulira kuti mwina gogo akagonekedwe kuchipinda chopanda zenera, chitseko n'kuchipiringidza kunja, mpaka alendo a ku Yogya atapita. Ngatirah anawathokoza chifukwa cha tempe. Iwo atachoka, anatulutsa chitini cha mabisiketi chomwe anachoka nacho ku kachipinda ka zaumoyo atachibisa pansi pa nsalu. Munali maenvelopu onse otsala, makumi awiri ndi atatu, yake yomwe ili momwemo. Galimoto inali kubwera mawa. Usiku umodzi wokha, ndipo anati chitinicho achifungatira yekha mpaka kuche, aone chomwe chingachichotse m'manja mwake.

Anakhalanso pampando uja, chitini pamiyendo, manja onse awiri pa chivundikiro. Usikuwo kunali kotentha, mpweya osayenda. Nalimata analira katatu kokha. Kutali galu anayamba kuuwa n'kusiyira pakati, ngati wina wamugwira pakamwa. Khumi ndi kawiri. Amayi ake anali chigonere chagada, maso otseka, belu pa kakolo. Ngatirah anayamba kuwerenga mapumidwe awo. Anafika pa zana, nayambiranso. Chitsulo chinalira kamodzi, kulira kwake n'kutalika, kutalika, ngati sikudzatha.

Kenaka anamva kanyimbo kaja.

Kanali pafupi kwambiri, m'chipinda momwemo, kotsika, kopanda mawu, kanyimbo ka madzi othira pa thupi lozizira. Anafuna kutembenuka kuti ayang'ane kubedi, koma khosi linali lolemera.

"Nduk."

Palibe anamuitanapo choncho, mwana wanga wamkazi, kwa zaka ziwiri. Kanyimbo kanaduka, ndipo podukapo ndi pomwe anamva kuti kankachokera pakhosi pake.

Sanali pampando. Anali chiimire pakhomo, chitseko chili chotsegula, mdima wa panja uli pamaso pake. Tsitsi linali lomasuka, likumukhudza m'zigongono. Chitini chinali m'khwapa. M'dzanja lamanzere munali masamba a nthochi odula kale bwinobwino, timagawo tofanana, ndi timitengo ta nsungwi tosongola.

"Nduk," anatero amayi ake ali pabedi, mawu ali phee ngati kale. "Lero usapitenso. Usiku uliwonse umandisiya ndekha."

Ngatirah anatembenuka pang'onopang'ono. Gogoyo anali atadzutsa mutu, akumuyang'ana m'maso ndi maso omudziwa. Kenaka masowo anayamba kuzilala, ngati khala likamakutidwa ndi phulusa.

"Mwachokera kutali, Bu?"

Anaika chitini pansi. Anayatsa tochi, namasula wotchi ya pamkono pake, n'kuitembenuza. Kumbuyo kwake kunali kapepala komata, kolembedwa 31. Apa m'pomwe madzulo aja anabwerera, athunthu, ngati chinthu choyandama kuchokera pansi pa chitsime: wotchi ikuvuka pamkono wa amayi ake, iye akumasula yake ya lamba wamng'ono n'kuwamanga, akudziuza kuti mawa akawauza adokotala kuti wasinthanitsa. Mawa lakelo linafika, n'kupita, osamusiyira kanthu.

Anatuluka ndi tochi. Miyendo inkadziwa njira yokha. Kuseri kwa khola, pansi pa mtengo wa bwemba, dothi linali lofewa. Anafukula ndi zala kuya kwa chikhatho, n'kupeza timitolo ta masamba a nthochi titandandalikidwa mwaulemu ngati manda a ana, khumi ndi tisanu ndi tiwiri. Tonse tinali topinda kanayi. Tonse tinali tobaya kuchokera kumanzere. Amayi ake ankabaya kuchokera kumanja, ndipo anamukalipira ubwana wake wonse chifukwa cha dzanja lake lamanzerelo.

Kuseri kwa mpanda kunayaka kamoto ka ndudu.

"Ndinu, Pak?"

"Ndine, Yu."

"Munandiona dzulo."

"Ndinakuonani." Kamoto kanatsika, n'kukweranso. "Ndinakuitanani kawiri. Munandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndine wa kubanja la malemu."

Ngatirah sanalire. Anakhala chogwada pa dothi, manja pamaondo, akudikira kuti mwina chinachake chimupweteke mkati, koma munali zii ngati m'maenvelopu aja. Kenaka anakwiriranso timitolo tija, n'kusalaza dothi ndi chikhatho.

Galimoto inafika Lachisanu dzuwa litakwera. Ngatirah anaika chitini pa tebulo pamaso pa adokotala Hesti, pambali pake mawotchi awiri, n'kunena zonse mwadongosolo, osadumpha kanthu, ngati akunena za munthu wa mudzi wina. Adokotala anavula magalasi, nawavalanso.

"Bu, tamverani. Kuyenda kutulo si umboni. Munthu wosamalira wodwala zaka ziwiri osagona mokwanira, thupi limatha kuchita zimenezi. Mwina ndi kutopa chabe. Tikuyezani bwinobwino ku Yogya."

"Amalume anga nawonso ankati ndi kutopa."

"Sitikudziwa, Bu. Ndikunena zoona, sitikudziwa."

"Zaka zisanu, munatero. Mwina khumi." Ngatirah anasanthula m'chitini, natulutsa envelopu nambala 32, n'kuigwedeza pafupi ndi khutu. Inalira. Anaipereka ndi manja awiri. "Iyi ndi yanga. Muitenge lero lomwe, isagonenso kuno. Yankho likadzatuluka, mukalipereke kwa Murni. Ndikulemberani nambala yake tsopano lino, ndisanachoke pano."

Anavula chingwe cha kiyi pakhosi n'kuchisiya pa tebulo. Zikhadabo za anthu khumi ndi asanu ndi awiri zija palibe anazifukula. Eni ake atamva komwe zili, ambiri anati zili pamalo pake, ndipo adokotala anachita kudikira mwezi kuti zina zimere.

Madzulo a tsiku limenelo Ngatirah anawamwetsa phala amayi ake, nawapukuta pakamwa. Kenaka anamasula belu pa kakolo wawo, nakhala pamkeka, n'kulimanga pa mwendo wake, mfundo ziwiri.

"Mwandilanda mphatso, Bu?"

"Ndabwereka, Mbok."

Kuyambira sabata imeneyo, olonda a m'mudzi mwathu samenyanso chitsulo kawiri. Amamenya kamodzi, kenaka amadikira mpaka katatu, poti amati munthu woyenda kutulo sadzidzimutsidwa. Pakati pa maola amenewo, usiku wina kumakhala zii. Usiku wina limamveka belu la mbuzi likutsika pang'onopang'ono m'mphepete mwa munda wa chinangwa, ngili, ngili, ngili, mpaka pa chitseko cha kachipinda ka zaumoyo, pomwe limaima nthawi yaitali. Kumbuyo kwake, patali pang'ono, m'masamba ouma mumamveka mapazi a Pak Sarjiman. Palibe amatsegula zenera. Koma m'nyumba zomwe muli anthu a zaka makumi asanu, ambiri amakhala ali maso, akumvetsera, ndipo belu likadutsa amagwira mapazi awo mumdima kuti amve ngati ali ozizira.